CIKEPE, NJANJI NDI ZENERA: MBIRI YA MZINDA WA NEW YORK

Munthu ali yense amene anagwirapo nchito pansi pa mgodi amacidziwa cikepe. Amadziwa m'mene mtima umacitira pamene citseko catsekedwa, belu lalira, ndipo amuna ambiri aimirira mothithikana m'kacipinda kacitsulo kolendewera pa cingwe. Ku migodi cikepe cimatsitsa anthu kunka pansi kukafuna mwala wa mkuwa. Koma kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, m'dziko la America, cikepe cinakweza anthu kunka kumwamba, ndipo potero cinathandiza kumanga mzinda wa New York. Mbiri ya mzinda umenewu ndi mbiri ya funso limodzi lobvuta: kodi anthu oculuka angathe bwanji kukhala pa malo ocepa, kugona, kugula ndi kugwira nchito pomwepo, osatha ndi matenda kapena moto?

CISUMBU COPAPATIZA

Mtima wa New York ndi cisumbu ca Manhattan, cimene m'litali mwake ciri mamailosi 13, koma m'lifupi cimangopitirira pang'ono mamailosi awiri pamene ciri cotakata koposa. Madzi acizinga mbali zonse. Oyamba kumangapo mudzi wa Azungu anali a ku Holland, ndipo Angelezi ataulanda m'caka ca 1664 anaupatsa dzina la New York. Pofika caka ca 1800 munali anthu pafupifupi 60,000, onse ounjikana ku mapeto a kum'mwera kwa cisumbuco, pafupi ndi doko.

Masiku amenewo nyumba ndi malo a nchito zinali cinthu cimodzi. Mmisiri wosoka nsapato anali kusokera ndi kugulitsira m'cipinda ca pansi coyang'ana ku mseu, banja lake linali kugona pamwamba pake, ndipo anyamata ophunzira nchito anali kugona m'kacipinda ka kudenga. Palibe amene anali kukwera kanthu popita ku nchito, pakuti nchitoyo inali kunsi kwa makwerero.

M'caka ca 1811 akulu a boma analemba mapu a miseu ya pafupifupi cisumbu conse, ngakhale kuti mbali yaikulu inali ikali minda ndi thengo. Anadula miseu ikuluikulu 12 yoyenda m'litali, ndi miseu ing'onoing'ono 155 yopingasa, ndipo malo a pakati pake anagawidwa m'zigawo zogulitsa, zambiri za mapazi 25 m'lifupi ndi mapazi 100 m'litali. Kagawo kopapatiza kameneka kanadzalamulira moyo wa amphawi kwa zaka zambiri, monga zidzaoneka kutsogoloku.

Ngalande ya Erie itatsegulidwa m'caka ca 1825, katundu wa m'kati mwa dziko anayamba kutsikira ku doko la New York, ndipo anthu anatsata katunduyo. Anadza a ku Ireland othawa njala, ndi a ku Germany ofuna nchito, kotero kuti pofika 1850 ciwerengero cinali citapitirira 500,000. Koma akulu anati walira mvula walira matope. Zitsime zinali moyandikana ndi zimbudzi, ndipo mliri wa kolera wa 1832 unapha anthu pafupifupi 3,500. M'caka ca 1835 moto unatentha nyumba mazanamazana pa usiku wozizira kwambiri, madzi ozimira ataundana. M'caka comweco anthu anabvomera kulipira nchito yaikulu yotenga madzi ku mtsinje wa Croton, mtunda wa mamailosi 41, ndipo madziwo anafika mu mzinda m'caka ca 1842. Iyi ndiyo inali nzeru yoyamba yolola anthu oculuka kukhala pamodzi, ndipo popanda iyo zina zonse zikadakhala zopanda pake.

CINGWE CIDULIDWA

Kufikira nthawi imeneyo nyumba zambiri sizinali kupitirira nsanjika zisanu kapena zisanu ndi imodzi, cifukwa miyendo ya munthu imatopa. Zipinda za pamwamba ndizo zinali zochipa, zosiyira osauka. Makina okwezera katundu analipo kale, koma anthu anali kuopa kukweramo, podziwa kuti cingwe cikaduka palibe wopulumuka.

M'caka ca 1854, pa cionetsero cacikulu ca mu New York, mmisiri wina dzina lake Elisha Otis anaimirira pa thabwa lokwezedwa m'mwamba pamaso pa khamu la anthu, nalamula kuti cingwe cidulidwe. Thabwalo linangotsika pang'ono ndi kuima nji. Cinsinsi cake cinali citsulo copindika cimene, cingwe cikalekerera, cinali kutambasuka ndi kulowetsa mano m'mipata ya njanji za m'mbali. Patapita zaka zitatu, mu 1857, cikepe coyamba conyamula anthu cinaikidwa m'sitolo ya Haughwout, ya nsanjika zisanu, yogulitsa mbale ndi matambula, pa mphambano ya miseu ya Broadway ndi Broome. Cinali kuyenda ndi mphamvu ya nthunzi, ndipo cinali cocedwa. Komabe pofika 1870 nyumba ya maofesi ya Equitable Life inamangidwa ndi zikepe kuyambira paciyambi, ndipo zinthu zinatembenuka: zipinda za pamwamba, kumene kuli kuwala ndi mphepo yabwino, zinasanduka zodula.

Bvuto lina linali khoma. Nyumba ya njerwa ikatalika, khoma la pansi liyenera kunenepa kuti lisenze zonse za pamwamba, mpaka limadya malo a zipinda. Citsulo colimba citayamba kuchipa, amisiri anapeza njira imene womanga nyumba ya kumudzi amaidziwa bwino: nsanamira ndi mitanda ndizo zimasenza denga, dothi limangotseka mipata. Anaimika mafupa a citsulo, khoma nkukhala ngati cobvala cabe. Njira imeneyi inayesedwa ku Chicago m'caka ca 1885, ndipo inafika ku New York zaka zocepa pambuyo pake.

Magetsi anadza pa nthawi yomweyo. Pa 4 September, 1882, Thomas Edison anayatsa makina ake a pa Pearl Street, ndipo mphamvu inayenda m'mkuwa woyalidwa pansi pa miseu kukaunikira maofesi apafupi. Lamya nayo inalola mwini fakitale kukhala mu ofesi pakati pa mzinda nalankhula ndi akapitao ake ali kutali. Motero makalaliki zikwizikwi anayamba kuunjikana usana m'nyumba zitalizitali. Nyumba ya Woolworth, yomalizidwa mu 1913, inafika mapazi 792, ndipo ya Empire State, ya 1931, inafika mapazi 1,250 ndi nsanjika 102.

ZIPINDA ZOPANDA MAZENERA

Pamene olemera anali kukwera m'zikepe, anchito anali kukwera makwerero a mdima. Kum'mawa kwa cisumbu, m'dera lochedwa Lower East Side, eni malo anali kumanga nyumba za lendi pa tizigawo tija ta mapazi 25. Nyumba imodzi inali ndi nsanjika zisanu kapena zisanu ndi imodzi, ndipo pa nsanjika iri yonse panali mabanja anai. Popeza nyumbazo zinali zogundana m'mbali, zipinda za kutsogolo ndi za kumbuyo zokha ndizo zinali ndi mazenera. Za pakati zinali zamdima usana ndi usiku. M'nyumba zakale zimbudzi ndi mpope wa madzi zinali kuseri pabwalo, za anthu onse.

Nyumba imodzi yotere ikalipo pa 97 Orchard Street, ndipo inasandutsidwa malo osungiramo mbiri. Inamangidwa mu 1863, pansi pake panali malo ogulitsira mowa a banja lina la ku Germany, ndipo kufikira 1935 munakhala anthu pafupifupi 7,000, ena atacoka ena nkulowa. Kuyambira ca m'ma 1880 m'deralo munadzala Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya ndi anthu a ku Italy. Pofika 1890 mbali ina ya deralo inali ndi anthu oposa 500 pa ekala imodzi.

Kuno nakonso nyumba ndi nchito zinali pamodzi, koma mwa njira yowawa. Cipinda cimene banja linali kugonamo usiku cinali kusanduka cosokeramo zobvala usana, tate, mai ndi ana onse ali pa nchito ndi olembedwa ena atatu kapena anai. Ena anali kupota fodya. Pofuna kukwanitsa lendi, mabanja anali kulandiranso alendo ogona pansi. Cifuwa cacikulu, cimene anthu a ku migodi amacidziwa ukali wake, cinali kufala mosabvuta m'zipinda zopanda mphepo.

Koma si zonse zinali zoipa, ndipo ici ncoyenera kucikumbukira. Pansi pa nyumba pafupifupi iri yonse panali sitolo, buchala, kapena malo opemphereramo, ndipo m'miseu munali ngolo za ogulitsa nsomba, zipatso ndi nsalu. Mlendo wotsika m'combo wopanda ndalama ndi wosadziwa Cingelezi anali kupeza malo ogona, nchito, ngongole ya cakudya ndi anthu a kwao, zonse pa mtunda woyenda pansi.

Boma linayesa kukonza. Lamulo la 1879 linati cipinda ciri conse cikhale ndi zenera, koma eni nyumba anangosiya kampata kopapatiza pakati pa nyumba ziwiri, kamene kanasanduka dzala la zinyalala ndi njira ya moto. Mu 1890 mtolankhani Jacob Riis anafalitsa buku la zithunzi za m'zipindazo, ndipo anthu a m'madera abwino anaona ndi maso ao zimene anali kungozimva. Pothera pake lamulo la 1901 linafuna kuti nyumba zatsopano zikhale ndi bwalo lenileni lolowetsa kuwala, madzi ndi cimbudzi ca banja liri lonse, ndi njira zothawira moto. Lamuloli silinacepetse anthu mu mzinda. Linangoonetsa kuti anthu oculuka angathe kukhala pa malo amodzi ngati ali ndi zenera, mpope ndi khomo lotulukira.

MOTO WA PA NSANJIKA YACISANU NDI CITATU

Kusokera m'zipinda zogona kutayamba kuletsedwa, nchito yosoka inasamukira m'nyumba zazitali zokhala ndi zikepe ndi makina a magetsi. Pa Loweruka, 25 March, 1911, nthawi yoweruka itayandikira, moto unabuka m'fakitale ya Triangle, imene inali pa nsanjika za 8, 9 ndi 10 za nyumba ina pafupi ndi Washington Square. Khomo lina lotulukira linali lokhoma. Makwerero a citsulo a kunja anapindika ndi kugwa. Makwerero a ozima moto anafika pa nsanjika ya 6 pokha. Oyendetsa zikepe anakwera ndi kutsika kangapo m'utsi napulumutsa ambiri, kufikira zikepezo zinalephera. Anafa anthu 146, ambiri a iwo atsikana Aciyuda ndi a ku Italy.

Nyumbayo inamangidwa kuti isapse, ndipo indedi sinapse. Ikali ciimire kufikira lero. Amene anapsa ndi anthu. Maliro ao anagwedeza mzinda wonse, mabungwe a anchito analimba, ndipo m'zaka zocepa boma la cigawo ca New York linakhazikitsa malamulo oposa 30 onena za zitseko, makwerero, zozimira moto ndi maola a nchito. Mmodzi wa amene anaona tsokalo ali pa mseu, Frances Perkins, anadzakhala nduna yoona za anchito m'dziko lonse la United States mu 1933.

NJANJI IMWAZA ANTHU

Ciwerengero ca anthu ogona pa Manhattan cinafika pacimake mu 1910, pamene anali oposa 2,300,000. Cimene cinacitsitsa ndi njanji. Sitima zoyenda pa milatho ya citsulo pamwamba pa miseu zinalipo kuyambira m'ma 1870, koma pa 27 October, 1904, inatsegulidwa njanji ya magetsi ya pansi pa nthaka. Mtengo unali masenti asanu, ulendo utalike kapena ufupike, ndipo unakhala comweco kufikira 1948. Wosoka zobvala tsopano anatha kugona ku Bronx kapena ku Brooklyn, m'nyumba ya mazenera, nafika ku nchito m'nthawi yake. Ponse pamene panali siteshoni panamera nyumba zosanja, masitolo ali pansi, mabanja ali pamwamba.

Pa nthawi yomweyo panabuka madandaulo awiri. Loyamba linali la mthunzi: nyumba yatsopano ya Equitable, ya 1915, inakwera molunjika kucokera m'mphepete mwa mseu mapazi oposa 500, nichinga dzuwa kwa anansi ake. Laciwiri linali la eni masitolo odula a pa Fifth Avenue, amene sanafune kuti anchito a m'mafakitale a zobvala adzaze mseu wao pa nthawi ya cakudya ca masana. Madandaulo awiriwa anabala lamulo la 1916. Linati nyumba ikamakwera iziyamba kubwerera m'mbuyo ngati makwerero, kuti dzuwa lifike pansi. Linagawanso mzinda m'madera ogona, madera a malonda, ndi madera olola ciri conse. Mbali yoyamba inali ya kuwala kwa onse. Mbali yaciwiri inayamba kulekanitsa zimene kale zinali pamodzi.

Nkhondo Yaciwiri itatha, maganizo olekanitsawa anakula. Akatswiri ambiri anakhulupirira kuti mseu wosakaniza nyumba, sitolo ndi kafakitale ndi cizindikiro ca umve. Motsogozedwa ndi Robert Moses, amene anali ndi mphamvu zazikulu pa zomangamanga, madera athunthu anagwetsedwa, ndipo m'malo mwake munamangidwa nyumba zitalizitali zoima pa kapinga, zambiri zopanda sitolo ngakhale imodzi pansi pake. Zipinda zake zinali zabwino kuposa zakale, zokhala ndi madzi, magetsi ndi dzuwa. Koma wometa tsitsi, wogulitsa ndiwo ndi wokonza nsapato analibenso malo, ndipo ambiri sanabwererenso. Miseu ikuluikulu ya magalimoto inadulanso pakati pa midzi ya anthu. Ku East Tremont, m'dera la Bronx, mabanja oposa 1,500 anasamutsidwa kuti mseu upite.

MAI WA PA HUDSON STREET

Amene anatsutsa zimenezi momveka anali Jane Jacobs, mlembi wokhala m'kanyumba kakale pa Hudson Street, yemwe analibe digiri ya zomangamanga. M'buku lake la 1961 anasiyanitsa zinthu ziwiri zimene akatswiri anali kuzisokoneza. Cina ndi kupanikizana, pamene anthu ambiri agona m'cipinda cimodzi cifukwa ca umphawi, ndipo ici ncoipa kuli konse, ngakhale m'nyumba zotalikirana. Cina ndi kuculuka kwa makomo pa malo amodzi, ndipo ici ndico cimadyetsa sitolo, basi, sukulu ndi cipatala. Iye anaonetsanso kuti mseu wokhala ndi nchito zosiyanasiyana umakhala ndi anthu m'mawa, masana ndi usiku, ndipo wa sitolo, mai wa pa zenera ndi wodutsa amaulonda osalipidwa. Koma dera la maofesi okhaokha limafa dzuwa likalowa, ndipo dera logona lokhalokha limafa dzuwa likatuluka.

Panali pulani yodula mseu waukulu wa magalimoto kupingasa kum'mwera kwa Manhattan, motsata Broome Street. Jacobs ndi anansi ake analimbana nayo kwa zaka zambiri, iye mpaka anagwidwa ndi apolisi pa msonkhano wina mu 1968, ndipo mu 1969 pulaniyo inalekedwa. Pakati pa nyumba zimene zinapulumuka panali sitolo ija ya Haughwout, m'mene munaikidwa cikepe coyamba.

Dera limenelo, lochedwa SoHo, linali la mafakitale ang'onoang'ono amene anali kutsekedwa. Ojambula zithunzi ndi osema anayamba kugona ndi kugwira nchito m'zipinda zake zazikulu, poyamba mobisa, kufikira boma linawalola mu 1971. Motero nyumba ndi nchito zinakumananso pansi pa denga limodzi. Koma apa panabuka bvuto latsopano. Madera osakanizawa atayamba kukondedwa, lendi inakwera, ndipo amene anawapulumutsa ambiri analephera kukhalamo. Lower East Side, kumene kale kunali kofikira osauka, nakonso kunadula.

Makina sanaleke kusintha mzindawu. Ciwerengero ca Manhattan cinatsika kufika pa 1,400,000 ndi pang'ono mu 1980, ndipo cinakweranso kufika pafupifupi 1,700,000 mu 2020. M'caka comweco mliri wa Covid-19 unatsekera makalaliki m'nyumba zao, ndipo kompyuta ndi intaneti zinaonetsa kuti nchito zambiri za mu ofesi zingathe kugwiridwa pa thebulo la kunyumba, monga mmisiri wa nsapato uja anali kucitira. Nchito yosandutsa maofesi akale kukhala nyumba zogona, imene inayamba kum'mwera kwa cisumbu m'ma 1990, inalimbikitsidwanso. Ngakhale nsanjika za pamwamba za nyumba ya Woolworth zinali zitasandutsidwa kale zogonamo mabanja olemera.

PHUNZIRO LAKE

Mizinda ya ku migodi monga Kitwe, Luanshya ndi Mufulira, ndiponso Lusaka, inakula mwa njira ina. Malo analipo ambiri, ndipo m'nthawi ya atsamunda inayalidwa molekanitsa: komboni kwina, mayadi kwina, masitolo kwina, nchito kwina, kawirikawiri motsata khungu la munthu. Komabe anthu okhalamo, osafunsa katswiri, anaika kantemba pa khomo, makina osokera pa khonde ndi msika pa mphambano. Iwo anacita cimene anthu a pa Orchard Street anacita, pakuti mtunda wautali pakati pa nyumba ndi nchito umadya ndalama ndi nthawi ya wosauka koposa wina ali yense.

Mbiri ya New York ionetsa kuti mpope, cikepe, citsulo, magetsi ndi njanji zinapatsa anthu mphamvu yokhala oculuka pa malo ocepa, koma palibe cimodzi mwa izo cimene cinasankha kuti ndani adzakhala ndi zenera, kapena ngati khomo la fakitale lidzakhala lotsegula. Zimenezo zinasankhidwa ndi malamulo, ndipo ambiri a malamulowo analembedwa maliro atacitika kale. Mizinda imene ikukula tsopano iri ndi mwai umene New York inalibe, wowerenga mbiri imeneyi isanaike maziko.